Timapepala Tachikasu pa Khoma la ku Tallinn

Kuno ku Tallinn dzuwa la Disembala ndi laulesi,
limadzuka ife titayamba kale ntchito,
isanakwane folo koloko lapita kukagona osatsanzika.
Ife asanu ndi awiri timaimirira m'mawa uliwonse
pafupi ndi khoma la timapepala tachikasu,
makapu a khofi akutenthetsa zala.

Chaka chatha msonkhano woimirirawu
unali bwalo la milandu.
Kaarel ankaitana mayina ngati mphunzitsi m'kalasi,
aliyense n'kunama mwaulemu:
"Zatsala pang'ono."
Pang'ono wakeyo ankadya milungu itatu.
Mzere wapakati, wa ntchito zomwe zili m'manja,
unkadzaza mpaka timapepala kumagwera pansi,
mayi wosesa n'kutikokolola pamodzi ndi nyenyeswa za buledi wakuda.
Ichi chakoma, ichi chakoma,
tonse tinagwa chagada.

Ndikukumbuka Lachisanu lija
Taavi atatumiza pulogalamu yogulira matikiti a sitima yapamadzi
madzulo ndithu, akuthamangira kukatenga mwana kusukulu yamkaka.
Pofika usiku anthu opita ku Helsinki
anali atalipira kawiri, ena katatu.
Lolemba tonse tinamuloza chala.
Ine ndinaloza nawo,
chonsecho ndikudziwa kuti gawo limenelo
woyenera kuliyesa ndinali ine, ndipo sindinaliyese.
Iye sanayankhe. Anangotola jekete lake.

Kenaka kampani inaitana katswiri wochokera ku Tartu,
atanyamula chithunzi cha makwerero a masitepe asanu.
Anatifunsa mafunso makumi anayi,
nawonkhetsa manambala,
natiuza kuti pa kukhwima tili pa sitepe yachiwiri.
Tinamata chithunzicho pa firiji.
Chikadali pompo, chili ndi dontho la supu pa sitepe yachinayi.

Zomwe zinatisintha zinali zazing'ono kuposa apo.
Pa tsiku loyang'ana m'mbuyo, kumapeto kwa milungu iwiri,
Triinu anafufuta funso loti "ndani?"
n'kulemba "chinasiya khomo pululu n'chiyani?"
Tinapangana: mzere wapakati, timapepala titatu basi.
Wofuna kuyamba chatsopano
ayambe wathandiza mnzake kumaliza.
Tinakangana. Kaarel anati tizichedwa.
Mwezi woyamba tinachedwadi.

Mayeso tinawaphunzitsa kudziyendetsa okha,
ndipo nyali yofiira ikayaka
aliyense amasiya zake kaye.
Zina tinayesa n'kuzitaya:
kulosera kukula kwa ntchito ndi makadi a manambala
kunatidyera Lachitatu lathunthu kangapo konse,
tinangotsala ndi mutu waching'alang'ala.

Dzulo Ülle, amene wangotha nafe miyezi iwiri,
anaima pakhomapo, manja ali m'thumba,
nati, "Sindinamalize. Ndasokera penapake.
Ndani ali ndi ola limodzi?"
Palibe amene anayang'ana pansi.
Taavi anakoka mpando wake n'kukhala naye pafupi,
mitu iwiri pa kompyuta imodzi mpaka masana.

Ndipo ine, patapita chaka chathunthu,
ndinamupeza pa makina a khofi,
n'kumuuza kuti Lachisanu lija
mlandu unali wanganso.
Mawu anatuluka mokakamira ngati chitseko cha dzimbiri.
Iye anaseka. "Ndinkadziwa," anatero.
"Kodi mkaka watha?"

Katswiri uja akubweranso mu Febuluwale.
Mwina atikweza sitepe imodzi, mwina ayi.
Kunja chipale chofewa chikugwera pa njanji za mumsewu,
kasitomala watumiza uthenga,
wasinthanso maganizo kachitatu sabata ino,
ndipo palibe watukwana.
Kapepala kamodzi kakukana kumata,
kali ndi dzina langa pakona.
Ndakagwira ndi chala,
ndikudikira wina abweretse selotepi.